Bill France: makaniko amene adafikitsa mpikisano wa magalimoto pa kanema

Amene amaonera mafilimu a ku America m'nyumba za vidiyo ku Insaca kapena ku Entre Lagos amawadziwa magalimoto aja a zitseko ziwiri, olira mobangula, amene apolisi amalephera kuwapeza. Eni ake amawatcha muscle cars, kutanthauza magalimoto adzitho. Ambiri adapangidwa pakati pa 1964 ndi 1971, ndipo mmodzi mwa anthu amene adachititsa kuti injini zoterezi zigulitsidwe kwa anthu wamba sadali mwini fakitale ayi, koma makaniko wina, malemu Bill France.

A William Henry Getty France adabadwa pa 26 Seputembala 1909 mumzinda wa Washington. Adali wamtali pafupifupi mamita awiri, n'chifukwa chake anzawo ankawatcha Big Bill. Adaphunzira umakaniko ali mnyamata, ndipo mu 1931 adakwatira namwino, mayi Anne Bledsoe. Ntchito zitasowa m'zaka za m'ma 1930, banjali lidasamukira ku Daytona Beach, m'chigawo cha Florida, lili ndi ndalama zosafika madola 100.

Gombe la ku Daytona lili ndi mchenga wolimba ngati msewu, ndipo akatswiri ankabwerako kudzayesa liwiro la magalimoto awo. Mu 1935 Mngelezi Malcolm Campbell adafika makilomita pafupifupi 445 pa ola pa mchengawo, koma kenaka akatswiriwo adasamukira kwina. Poopa kutaya alendo, akuluakulu a mzinda adakonza mpikisano wa magalimoto wamba pa 8 Malichi 1936. Magalimoto ankathamanga pa mchenga, n'kukhota, n'kubwerera pa msewu wa phula. A France adapikisana nawo ndipo adakhala nambala 5. Mzinda udaluza ndalama, ndipo pofika 1938 mipikisanoyi idali m'manja mwa makanikoyu.

Masiku amenewo mipikisano idalibe dongosolo. Okonza mpikisano ena ankathawa ndi ndalama za pakhomo magalimoto akadali m'bwalo, madalaivala n'kubwerera chimanjamanja. Madalaivala angapo adali anthu amene adaphunzira liwiro ponyamula kachasu usiku, apolisi ali pambuyo. Pa 14 Disembala 1947 a France adaitanitsa madalaivala, amakaniko ndi eni mabwalo ku hotela ya Streamline, ndipo pa 21 Febuluwale 1948 bungwe la NASCAR lidalembetsedwa, iwo ali mtsogoleri wake.

Lamulo lawo lalikulu lidali loti galimoto yopikisana ikhale yomwe ija munthu wamba angagule m'tauni. Pa mpikisano woyamba wa mtunduwu, ku Charlotte pa 19 Juni 1949, Glenn Dunaway ndiye adafika koyamba. Atayendera galimoto yake adapeza kuti masipuling'i akumbuyo adasinthidwa monga ankachitira onyamula kachasu, choncho adamulanda chipambano n'kuchipereka kwa Jim Roper. A France adadziwa kuti munthu akaona galimoto yofanana ndi yake ikupambana adzalipira pakhomo, ndipo makampani adadziwa kuti galimoto yopambana Lamulungu idzagulidwa Lolemba.

Mchenga utachepa chifukwa cha mahotela ndi kuchuluka kwa anthu, adakongola ndalama n'kumanga bwalo la phula la makilomita anayi, la makona opendekeka ngati m'mbali mwa beseni kuti galimoto isachepetse liwiro pokhota. Mpikisano woyamba wa Daytona 500, wa makilomita 805, udachitika pa 22 Febuluwale 1959. Lee Petty ndi Johnny Beauchamp adafika pamodzi pa mzere womaliza. A France adalengeza kuti wapambana ndi Beauchamp, koma atatha masiku atatu akuyang'ana zithunzi adasintha n'kupereka chikho kwa Petty.

Wailesi yakanema idalowa chaka chotsatira. Pa 31 Januwale 1960 kampani ya CBS idaonetsa mipikisano yaifupi kuchokera ku Daytona nthawi yomwe inkachitika. Kuyambira 1961 kampani ya ABC inkajambula mipikisano, n'kudula zidutswa zokoma zokha, n'kuzisakaniza ndi masewera ena m'pologalamu ya Wide World of Sports. Eni makanema sankakhulupirira kuti munthu angakhale maola atatu akuonera magalimoto akuzungulira. Komabe zidutswazo zidakwanira kufikitsa maina a Ford, Pontiac, Dodge ndi Plymouth m'nyumba za anthu, ndipo makampani adayamba kulimbana pa kukula kwa injini.

Mu 1964 kampani ya Chrysler idabweretsa injini ya malita 7 yotchedwa Hemi, ndipo magalimoto a Plymouth adatenga malo atatu oyamba ku Daytona 500, Richard Petty ali patsogolo. A France adaletsa injiniyo mu 1965 ponena kuti siinkagulitsidwa kwa anthu. Chrysler idanyanyala, oonerera adachepa, koma mkuluyu sadagonje msanga. Mu 1966 kampaniyo idayamba kuika Hemi m'magalimoto ogulitsa m'tauni. Umu ndi mmene injini ya mpikisano idafikira kwa mnyamata aliyense amene adali ndi ndalama.

Lamulo lina lidati kampani ipange magalimoto osachepera 500 a mtundu umodzi isanaloledwe kupikisana nawo. Pofuna kukwaniritsa lamuloli, mu 1969 Ford idatulutsa Torino Talladega, pamene Dodge idatulutsa Charger Daytona, ya mphuno yosongoka ndi phiko lalitali kumbuyo. Plymouth Superbird idatsatira mu 1970. Pa 24 Malichi 1970 Buddy Baker adafika makilomita 322 pa ola ndi Dodge yamapiko ija.

Liwiro limeneli lidadya anthu. Mu 1964 mokha adafa akatswiri awiri otchuka, Joe Weatherly ndi Fireball Roberts, wachiwiriyu atapsa kwambiri ndi moto wa petulo ku Charlotte. A France sankalola kuti madalaivala akhale ndi mawu. Mu 1961 adachotsa Curtis Turner ndi Tim Flock m'bungwe chifukwa choyesa kukhazikitsa bungwe la anthu apantchito. Mu Seputembala 1969, potsegula bwalo lawo la ku Talladega, matayala ankang'ambika atangozungulira kangapo, ndipo madalaivala otchuka, motsogozedwa ndi Richard Petty, adakana kupikisana. A France, ali ndi zaka 59, adalowa okha m'galimoto n'kuzungulira bwalolo pa liwiro loposa makilomita 270 pa ola, kenaka adadzaza malo a onyanyalawo ndi madalaivala ena. Mpikisano udachitika, ndipo bungwe la madalaivala lidatha posakhalitsa.

Nkhani ya tsankho nayo siyingabisike. Pa 1 Disembala 1963 dalaivala wakuda, Wendell Scott, adapambana ku Jacksonville, koma chikho chidaperekedwa kwa mzungu, Buck Baker, ndipo chipambano chake adachivomereza anthu atabalalika kale. Mu 1972 a France adathandiza pa ndale George Wallace, bwanamkubwa wa Alabama amene adatchuka polimbikitsa kulekanitsa azungu ndi anthu akuda.

Nyengo ya magalimoto adzitho idatha mofulumira. Mu 1971 a France adachepetsa injini za magalimoto amapiko kufika malita 5, ndipo magalimotowo adasowa m'bwalo. Kukwera kwa inshuwalansi, malamulo a utsi ndi kusowa kwa petulo mu 1973 zidamaliza otsalawo. Makampani a magalimoto atachepetsa thandizo, ndalama zidachokera ku fodya. Boma la America lidaletsa kutsatsa ndudu pa kanema kuyambira Januwale 1971, choncho kampani ya R.J. Reynolds idatengera ndalama zake ku NASCAR ndi dzina la Winston. Mu Januwale 1972 a France adasiyira mpando mwana wawo, Bill France Jr.

Adakhala ndi moyo mpaka kuona mpikisano wonse ukuonetsedwa pa kanema. Pa 18 Febuluwale 1979, kutatsala zaka ziwiri kuti kanema iyambe ku Maputo, CBS idaonetsa Daytona 500 kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chipale chofewa chidatsekera anthu ambiri m'nyumba kum'mawa kwa dzikolo. Pa ulendo womaliza Donnie Allison ndi Cale Yarborough adagundana, Richard Petty n'kupambana, ndipo makamera adaonetsa Yarborough akuchita ndewu ndi abale awiri a Allison pa udzu. M'mawa mwake nkhani idali yomweyo m'dziko lonse.

A France adamwalira pa 7 Juni 1992 ku Ormond Beach, atadwala matenda oiwalaiwala, ali ndi zaka 82. NASCAR ikadali ya banja lawo, ngakhale lamulo lawo loyamba lidafa kalekale, poti magalimoto ake tsopano amapangidwira mpikisano wokha. Ma Superbird, amene ena mwa iwo adakhalitsa kwa ogulitsa osapeza wogula mu 1970, lero amagulidwa ndi madola zikwi mazanamazana.