A Hugh Bennett, Tate wa Nchito Yosunga Nthaka

A Hugh Hammond Bennett anabadwa pa 15 April 1881 ku North Carolina, m'dziko la America, pa banja la alimi a thonje. Ku yunivesite anaphunzira za miyala ndi za mankhwala, ndipo m'caka ca 1903 analowa nchito ya Boma yopima nthaka.

M'caka ca 1905, ali pa nchito ku Virginia, anaona malo awiri ogundizana. Pamene panali nkhalango dothi linali lofewa, koma pamene panalimidwa zaka zambiri panali pouma gwa. Apo anazindikira kuti mvula imacotsa dothi lapamwamba pang'onopang'ono mwini munda osadziwa. Akuluakulu a ku nchito kwao sanawamvere, pakuti anali kukhulupirira kuti nthaka siitha. Iwo sanaleke kucenjeza anthu, ndipo m'caka ca 1933 Boma linawaika kukhala mkulu wa nchito yoletsa kukokoloka kwa nthaka.

Zaka zimenezo cilala cinagwa m'zigwa zouma za pakati pa dzikolo, kumene alimi anali atagalauza udzu wonse kuti abzale tirigu. Mphepo inanyamula dothi, dzuwa linabisika masana, ndipo mabanja ambiri anasiya minda yao. M'caka ca 1935 fumbi linafika ku Washington pa masiku amene a Bennett anali kulankhula ndi aphungu a nyumba ya malamulo. Pa 27 April caka comweco lamulo losunga nthaka linakhazikitsidwa.

Nzeru yao yaikulu inali yakuti mutu umodzi susenza denga. Anasonkhanitsa akatswiri a mbeu, a mitengo, a nyama za m'thengo, a za cuma ndi amisiri a ngalande, nawatuma kukagwira nchito pamodzi ndi mlimi pa munda wace. Anaphunzitsa kulima mizere yopingasa pa malo otsetsereka, kusinthanitsa mbeu, kusiya mapesi m'munda, ndi kubwezera udzu pa malo osayenera khasu.

Anatsogolera nchitoyi kufikira 1951, ndipo anamwalira pa 7 July 1960. Cimene anaona ku Virginia cifikira mlimi ali yense: dothi la conde limatenga zaka mazana kuti lipangike, koma munda wosiyidwa poyera ungathe kulitaya m'zaka zowerengeka.