David Clement Scott: Mbusa Amene Anamanga ndi Zomwe Anali Nazo

Ambirife tikamachoka ku Ndirande kulowa m'tauni timaona tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Blantyre Mission. Amene anachimanga, Mbusa David Clement Scott, sanali wa mpingo wathu, koma moyo wake uli ndi phunziro kwa ife.

Scott anabadwira ku Scotland m'chaka cha 1853 ndipo anafika ku Blantyre mu 1881. Sanaphunzirepo zomangamanga, koma Mulungu anampatsa khutu lomva chinenero, maso oona luso mwa anzake, ndi mtima wosagwa mphwayi. Kuyambira 1888 mpaka 1891, iye ndi anthu akuno, amenenso anali asanamangepo nyumba yotere, anaumba njerwa zamitundu 81, nayeserera chipilala chilichonse asanachiimike. Mu 1892 anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja.

Koposa zonse, anakhulupirira Afirika pa nthawi imene azungu ena ankawanyoza. Anasankha madikoni 7. Mwa iwo, John Gray Kufa anadziwika pa ntchito ya chipatala, pamene Harry Kambwiri Matecheta anadzozedwa ubusa mu 1911. Scott anamwalira ku Kikuyu, m'dziko la Kenya, mu 1907.

Nafenso ku Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri tili ndi amayi odziwa kusoka, kusunga ndalama za gulu, kuimba ndi kudwazika matenda, koma ena amangokhala kumbuyo chifukwa sanapite patali ndi sukulu. Pa msonkhano wotsatira, mayi aliyense atchule mphatso imene amaiona mwa mnzake, ndipo atsogoleri amupatse ntchito yoyenera mphatsoyo. Tisakwirire talente yathu pansi.