Heike Kamerlingh Onnes, Munthu Amene Anasakasaka Kuzizira

Ife a ku Mlolo timalidziwa dzuwa la Okutobala, pamene ngakhale madzi a mumtsuko amafunda. Lero tikambe za munthu amene anatha moyo wake akusakasaka kuzizira.

Heike Kamerlingh Onnes anabadwa pa 21 Seputembala 1853 ku Groningen m'dziko la Netherlands. Mu 1882 anayamba kuphunzitsa sayansi pa yunivesite ya Leiden, ndipo anaikirapo mtima pa ntchito yoziziritsa mpweya mpaka usanduke madzimadzi. Mpweya wa helium unali utakanika akatswiri onse. Iye anaugonjetsa pa 10 Julayi 1908, patatha zaka 26 chiyambire ntchito, atafika pa madigiri 269 kunsi kwa ziro.

Magetsi akamayenda m'waya amakumana ndi chopinga, n'chifukwa chake tchaja ya foni imatentha. Pa 8 Epulo 1911, Onnes anaziziritsa mekyule ndi helium uja, napeza kuti chopingacho chatheratu. Zimenezi zimatchedwa superconductivity. Analandira mphoto ya Nobel mu 1913, ndipo anamwalira pa 21 Febuluwale 1926.

Phindu la ntchito yake likuonekabe. Makompyuta a quantum amene IBM ndi Google akupanga amakhala m'mafiriji ozizira kuposa helium wa Onnes. Yankho lawo limatuluka ngati mafunde a microwave ofooka kwambiri, choncho pamafunika kachipangizo kowakuza, monga chimkuzamawu chimachitira ndi mawu a munthu. Tizipangizoti amatipanga ndi zitsulo monga aluminiyamu ndi niobium, zimene zikazizira sizipinga magetsi, motero sitiwonjezera phokoso lambiri. Akatswiri akulimbana n'kutichepetsa kuti tambiri tikwane m'firiji imodzi.

Koma Onnes sanachite zonsezi yekha. Mapampu ndi mabotolo agalasi amene ankafuna sankagulitsidwa m'sitolo. Mu 1901 anakhazikitsa sukulu yophunzitsa anyamata kusula zida ndi kuumba galasi, ndipo manja a amisiri amenewa ndiwo ankapanga ndi kuyendetsa makina ake. Sukuluyo ilipo mpaka lero ku Leiden.

Makolo, ena mwa ana athu samakhoza bwino mayeso olemba, koma wailesi ikafa kapena sola ikavuta, ndiwo amaikonza. Tisawachotse sukulu ali Fomu 2 poganiza kuti palibe chawo. Tiwalimbikitse pa masamu ndi sayansi, ndipo akomiti atithandize kupeza zida zoti aziyeserera. Inunso ophunzira, mukalephera teremu imodzi, kumbukirani zaka 26 zija.