LEONARD KAMUNGU, WANSEMBE WA PA MSORO

Tsiku la 27 February ndilo tsiku limene Bambo Leonard Mattiya Kamungu anatsikira kuli cete pa Msoro, m'caka ca 1913. Zaka za moyo wace sizinafike makumi anai, ndipo pa Msoropo anangogwirapo nchito zaka ziwiri zokha. Koma kufikira lero Akristu a m'Zambia ndi m'Malawi sanaiwale dzina lace. Nkwabwino tsono kufunsa kumene munthu ameneyu anaitenga mphamvu yotere.

Kamungu anabadwa ngati m'caka ca 1877 pa Chia, mudzi wa m'mphepete mwa Nyanja, masiku amene malonda a akapolo anali asanathe. M'caka ca 1885 amishoni a U.M.C.A. anakhazikika pa cisumbu ca Likoma, nayamba kutsegula masukulu m'midzi ya m'mbali mwa madzi. Mnyamatayo anaphunzira m'masukulu amenewa, nabatizidwa, ndipo pambuyo pace anatumizidwa ku Kiungani, sukulu yaikuru ya ku Zanzibar. Kumeneko tsiku lonse linayenda ndi belu. Ophunzira anasonkhana kupemphera mamawa ndi madzulo, nawerenga Masalmo ndi Malembo mwa dongosolo lace. Anaphunzira kusala kudya pa Lacisanu ndi m'masiku makumi anai a Lenti, ndi kudziyesa mumtima asanayandikire ku Mgonero wa Ambuye. Anyamata ena anazisunga izi cifukwa ca kuopa aphunzitsi, nazitaya pobwerera kwao. Kamungu anaziyesa cuma, nazitenga kunka nazo kuli konse.

M'caka ca 1902 anadzozedwa udikoni. Anatumikira pa Lungwena pakati pa Ayao, kumene Cisilamu cinali citazika mizu ndipo otembenuka mtima anali owerengeka. Pambuyo pace anagwira nchito pa Nkhotakota. Malo onse awiriwa anali munda wouma, woti wolima wopanda cipiriro akadautaya khasu. M'caka ca 1909 anadzozedwa unsembe, ndipo anali woyamba mwa Anyanja kulandira udindo umenewu mu Mpingo wa Anglican. Sanakwatire moyo wace wonse, kuti akhale womasuka kupita kumene aitanidwa, ngakhale kuti kutero kunali kodabwitsa pa mwambo wa anthu a kwao. Amene anakhala naye anamcitira umboni kuti anali munthu wa pemphero ndi wodziletsa.

Tsono m'caka ca 1910 kunakhazikitsidwa dayosisi yatsopano ya Northern Rhodesia, ndilo dziko limene lero lichedwa Zambia. Bishopu wace woyamba, John Edward Hine, anali kale Bishopu wa Likoma, ndipo anafuna wansembe wa kukayamba nchito kum'mawa kwa dzikolo. Kamungu anabvomera. Anasiya Nyanja, abale ndi Akristu amene anamzolowera, ndipo m'caka ca 1911 anakhala pa Msoro pakati pa Akunda, pafupi ndi mtsinje wa Lupande, kumadzulo kwa Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero. Linali dziko lotentha, la kashembe ndi zirombo. Kunalibe belu lomdzutsa, kunalibe wansembe mnzace pafupi wa kumlangiza, ndipo Bishopu anali ulendo wa masiku ambiri. Akadaleka kupemphera, palibe munthu akadadziwa. Apa ndipo panaoneka phindu la mwambo wa zaka zija, pakuti nkhokwe imadzazidwa nthawi ya masika, ndipo mwini wace amaiyamika m'mwezi wa njala.

Monga anadzilera yekha, momwemonso analera anthu ace. Sanafulumire kubatiza. Munthu anayamba wakhala womvera Mau. Atakhazikika analandira mtanda pamaso pa onse, nakhala wa m'kalasi kufikira ataphunzira Cikhulupiriro, Pemphero la Ambuye ndi Malamulo Khumi, ndi kuonetsa m'makhalidwe ace kuti wasiyadi zakale. Kamungu anayenda pansi mudzi ndi mudzi, natsegula masukulu, naikamo aphunzitsi, ndipo asanamwalire anabatiza Akristu oyamba a dziko la Msoro.

Imfa yace inadza msanga, ndipo ambiri akhulupirira kuti anamthirira mankhwala oipa m'cakudya. Anaikidwa m'manda pa Msoro pomwepo, kutali ndi kwao. M'caka ca 1914 mbiri ya moyo wace inasindikizidwa m'buku ku England. Nchito imene anaiyamba sinafe pamodzi naye: Msoro anakhala likuru la Dayosisi ya Eastern Zambia, ndipo sukulu ya Anglican yophunzitsa ansembe ku Zomba inachedwa dzina lace.

Mbiri imeneyi iri ndi mau kwa midzi yonse imene inatumiza ana ace ku migodi. Mnyamata wocoka ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, amene apeza kanyumba ku Kawama, pa Kitwe kapena pa Ndola, afanana ndi Kamungu pa Msoro. Kumudzi amace anamdzutsa pa Sabata, ndipo akulu a mpingo anadziwa mayendedwe ace. Ku tauni amgonetsa usana ndi kumgwiritsa nchito usiku. Anansi ace alankhula Cibemba. Mowa uli pakhomo, ndipo palibe womfunsa ngati wapemphera. Ambiri sanakane Ambuye ndi pakamwa, koma analeka pemphero tsiku limodzi, kenaka mlungu, kenaka caka, kufikira moto unazima wokha m'phulusa.

Cifukwa cace makolo asadikire tsiku la ulendo kuti apatse mwana malangizo pa siteshoni ya basi. Mwambo wa Mkristu uphunziridwa pakhomo, mwana akali wamng'ono, ndipo suli wobvuta kuuchula. Akhale ndi nthawi yace ya kupemphera, m'mawa ndi madzulo, angakhale mtima uli wozizira. Awerenge gawo la Malembo tsiku ndi tsiku motsata dongosolo, monga la m'kalendala muno, osangotsegula buku paliponse. Aphunzire kudzimana cakudya pa masiku oikika, ndi kupatsa wosowa cimene wadzimanaco. Ndipo asanagone ayese tsiku lace, aulule cimo lace kwa Mulungu, nakonze mlandu ndi mbale wace kusanace.

Zinthu zimenezi sizigula cipulumutso, pakuti cipulumutso ndi mphatso ya cisomo. Ziri ngati mitengo imene mlimi aizika kuti mpesa uyangepo: mtengo suubala cipatso, koma popanda uwo mpesa ukwawa pansi nudyedwa ndi ciswe. Leonard Kamungu anaizika mitengo yace ali mnyamata, ndipo pamene anatsala yekha m'dziko lacilendo, cikhulupiriro cace cinapeza poyangapo. Mulungu apatse mipingo ya m'midzi ndi ya ku migodi ana ambiri otere.