Malemu Filipe Samuel Magaia: Maso a Ankhondo a Ufulu ku Niassa

Munthu akaima pa phiri la Ntchisi kunja kutayera, amaona Nyanja ya Malaŵi, ndipo kutsidya kwake mapiri a chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique. Makolo athu a ku Dowa ndi ku Ntchisi ankaidziwa ntchito ya mapiri otere. M'masiku a nkhondo za Angoni a Chiwere, mudzi wopanda alonda ndi azondi unkadzidzimuka adani ali kale pachipata, pakuti chakudza sichiyimba ng'oma. Lero tikumbuke munthu amene anasenza udindo womwewo kutsidya kuja, malemu a Filipe Samuel Magaia.

A Magaia anabadwa pa 7 March, 1937 ku Mocuba m'chigawo cha Zambezia, dziko lawo lili m'manja mwa Apwitikizi. Chipani cha FRELIMO chitakhazikitsidwa ku Dar es Salaam pa 25 June, 1962, iwo anali m'gulu la anyamata oyamba amene anatumizidwa ku Algeria m'chaka cha 1963 kukaphunzira za nkhondo. Atabwerako anapatsidwa nthambi ya chitetezo ndi nkhondo. Tione bwino apa: maudindo awiri anali pamutu pa munthu mmodzi, kutsogolera asilikali ndiponso kufufuza zinsinsi za mdani.

Udindo wachiwiriwu ndiwo tifuna kuukhalira pansi, chifukwa sukambidwa kawirikawiri. Apwitikizi anali ndi ndege, mabwato ankhondo pa doko la Metangula, ndiponso apolisi achinsinsi a PIDE amene ankagula makutu m'midzi. A Magaia analibe zonsezi. Anali ndi timagulu tating'ono ta asilikali oyenda usiku, tolowa kuchokera ku Tanzania. Gulu lotere silingapirire tsiku limodzi ngati silidziwa mlatho umene ukulonderedwa, dooko limene madzi achepa, mfumu imene ingasunge pakamwa ndi ina imene ingathamangire kuboma. Nkhani zimenezi sizinkachokera m'mabuku a ku Algeria ayi. Zinkachokera kwa asodzi, amayi opita kumunda ndi aphunzitsi a m'midzi ya Anyanja, anthu olankhula chinenero chathu chomwechi, amene maina awo ambiri sanalembedwe pena paliponse. Luso la mtsogoleri linali kusonkhanitsa timawu timeneti, kupeta mankhusu, ndi kusankha tsiku.

Nkhondo inabuka pa 25 September, 1964. Ku Niassa inakula msanga m'mbali mwa nyanja, cha ku Cobue ndi Messumba, kotero kuti m'chaka cha 1965 anthu ambiri anathawira pa chilumba cha Likoma. Sitibisa kuti anthu wamba analipira mtengo waukulu: ena anamangidwa ndi PIDE powaganizira chabe, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa mokakamiza n'kuikidwa m'malinga oyang'aniridwa ndi asilikali, cholinga chake kudula makutu a FRELIMO. Kuchita kumeneko kukusonyeza kuti Apwitikizi anazindikira pamene panagona mphamvu ya a Magaia.

Imfa yawo ndiyo yomvetsa chisoni koposa. Pa 10 October, 1966, akubwerera ku Tanzania atayendera asilikali awo ku Niassa, anaomberedwa ndi mfuti, ali ndi zaka 29 zokha. Woomberayo sanali Mpwitikizi wobisala patchire, koma Lourenço Matola, msilikali wa m'gulu lawo lomwe. FRELIMO inanena kuti Matola anatumidwa ndi adani. Akatswiri ena a mbiri amaloza mikangano imene inali mkati mwa chipanicho. Kaya zinali bwanji, munthu amene ankadziwa mayendedwe a mdani wakutali anaphedwa ndi woyenda naye njira imodzi.

Atsogoleri a chipani sanabwezenso katundu yense pamutu umodzi. Nthambi ija inagawidwa pawiri: a Samora Machel anatenga za nkhondo, a Joaquim Chissano za chitetezo, ndipo onse awiri anadzakhala apulezidenti a dzikolo litalandira ufulu pa 25 June, 1975. M'chaka cha 1979 mafupa a malemu a Magaia anatengedwa kukaikidwa pa bwalo la ngwazi mumzinda wa Maputo, pamodzi ndi a Dr. Eduardo Mondlane, ndipo umodzi wa misewu ikuluikulu ya mumzindawo unatchedwa dzina lawo.