Chandrabati, Mlakatuli Amene Anamva Kulira kwa Sita

M'zaka za m'ma 1500 ku Kishoreganj, komwe lero ndi ku Bangladesh, kunali mlakatuli wamkazi dzina lake Chandrabati. Timamva m'nyimbo zakale kuti bwenzi lake Jayananda linamusiya ukwati utayandikira, ndipo sanafunenso za banja. Bambo ake anamulangiza kulemba Ramayana, nthano ya mfumu Rama. Koma nkhondo za Rama anangozilambalala. Mtima wake unali pa Sita, mkazi wa mfumuyo, amene anapirikitsidwira kunkhalango ali woyembekezera chifukwa cha miseche chabe. Akatswiri aamuna anati ndakatuloyo njoperewera, chonsecho amayi akumidzi ankaiimba. Mu 2019 Chitra Banerjee Divakaruni anatulutsa buku la The Forest of Enchantments, momwe Sita akusimba yekha nkhani yake.