MBUSA JOHN GEDDIE WA KU PICTOU (1815-1872)

Pictou ndi kamzinda ka m'mphepete mwa nyanja ku Nova Scotia, m'dziko la Canada. Kumeneko ndiko kudakulira Mbusa John Geddie. Iwo adabadwira ku Banff, ku Scotland, m'chaka cha 1815, koma makolo awo adasamukira ku Pictou iwo akali khanda. Adaphunzira pa Pictou Academy m'manja mwa Dr. Thomas McCulloch, ndipo mu 1838 adadzozedwa ubusa, napatsidwa mpingo wa Cavendish ndi New London pa chilumba cha Prince Edward.

Sinodi yawo inali yaing'ono ndi yosauka, yovutika ngakhale kusamala abusa ake omwe. Motero pamene a Geddie adayamba kudandaulira Sinodi kuti itumize mmishonale kunja, abusa ambiri adakana, poona kuti munda wa kwawo komweko unali usanathe kulimidwa. Maganizo amenewa sanali opanda nzeru ayi. Komabe pomaliza Sinodi idavomera, ndipo posowa wina woti apite, a Geddie adadzipereka iwo eni.

Adanyamuka mu 1846 pamodzi ndi akazi awo, Mayi Charlotte. Atazungulira Cape Horn ndi kukhalako ku Samoa, adafika mu 1848 pa chilumba cha Aneityum, ku New Hebrides, kumene lero ndi Vanuatu. Tisaiwale kuti aphunzitsi a ku Samoa anali atayamba kale ntchito pamenepo, ngakhale mbiri siiwatchula kawirikawiri.

Zaka zoyamba zinali zowawa. Malungo adawasautsa, ndipo Azungu ochita malonda a mitengo yonunkhira adadana nawo. Adalimbananso ndi mwambo wopha mkazi pomupotola khosi mwamuna wake akamwalira. Mu 1852 adabatiza Akhristu oyamba, ndipo chaka chomwecho adalandira mnzawo wa ntchito, Mbusa John Inglis. Awiriwa adamasulira Chipangano Chatsopano m'chinenero cha pachilumbapo, chimene chidasindikizidwa mu 1863. Koma chikuku cha mu 1861 chinali chitapha kale pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, ambiri a iwo Akhristu.

Mu 1865 sitima yankhondo ya Angerezi, Curaçoa, idaombera midzi ya pa chilumba cha Tanna, amishonale ena ali m'sitimamo. A Geddie, amene panthawiyo anali pa tchuthi ku Canada, adadzudzula poyera mchitidwewu, osasamala kuti akukhumudwitsa abusa anzawo.

Atafooka ndi matenda adapita nawo ku Geelong, ku Australia, kumene adamwalira pa 14 December, 1872.